Ludzu la Achimwene Anga

Achimwene anga anafika kwanga ku Liwonde Lachiwiri lina masana, dzuwa likuswa mtengo, atanyamula jumbo ya zovala ndi kathumba ka masipanala. Ine ndinali m'kaokala kanga ndikupimira mayi wina mafuta ophikira. Ndinawaona ataima patali pang'ono, pafupi ndi ogulitsa makala, ngati munthu wodikira minibasi. Mayi uja atachoka m'pamene anasendera pawindo.

"Achemwali, kuja andichotsa."

Kuja kunali kwa Kawinga, kwawo kwa alamu anga, kumene achimwene anakhala pachikamwini zaka zisanu ndi zinayi n'kubereka ana atatu. Sindinafunse chifukwa. Chifukwacho chinali chitandipeza kale m'mphuno. Ndinawapatsa kiyi wa kunyumba n'kuwauza kuti akakonze kachipinda kosungiramo chimanga azigonamo, popeza amuna anga ali ku Joni ndipo malo analipo.

Tinabadwa awiri okha, iwo oyamba, ine wachiwiri, ndipo kwathu ndi ku Chikweo. Bambo anamwalira tili aang'ono, chimene chinatilera ndi kachasu wa amayi. Ankaviika madeya ndi shuga m'mbiya zikuluzikulu kuseri kwa khitchini, zikasasa n'kuzithira mumphika womata bwino ndi dothi. Paipi inkatuluka mumphikamo, kudutsa m'kabwato ka madzi ozizira, ndipo kumapeto kwake kachasu ankadonthera m'botolo. Amayi anali ndi zilonda za m'mimba, mowa sankaulawa ngakhale pang'ono. Ndiye woyamba kudontha uja, amene amati mutu, wolawa wake anali achimwene. Amayi ankathira pang'ono m'kachitsekero n'kufunsa kuti, "Talawa, wagwira?" Achimwene ankakwinya nkhope, kutsokomola, kenako n'kuvomera. Anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Palibe amene ankaona cholakwika. Inali ntchito ya pakhomo ngati kusonkhezera moto.

Ine mowa sindinamwepo. Osati chifukwa cha chiyero ayi, koma fungo la zotsalira mumphika uja, zimene ankandituma kukataya kudzala, linandipha kukhosi mpaka lero. Mwina n'chifukwa chake achimwene atabwera kudzakhala nane, chimene chinakula mumtima mwanga sichinali ukali. Chinali chidwi. Ndinkafuna kudziwa chimene munthu wa nzeru zake amachipeza m'chinthu chonunkha choncho.

Pakuti nzeru anali nazodi. Sabata isanathe anali atapeza malo okonzera njinga pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi depoti, ndipo a kabaza onse anali atawadziwa. Limu yokhota, imene wina akanati mugule yatsopano, iwo ankaiwongola ndi kasipanala ka masipoko, kumanga apa, kumasula apo, khutu lili chifupi ngati gudumulo likuwanong'oneza pamene pakupweteka.

M'mawa wina ndinawapititsira tiyi pamtengo paja. Ndinawapeza akulimbana ndi timipira tachitsulo ta m'habu, pakati pa gudumu la njinga. Anatola kampira katatu konse, ndipo katatu konse kanagwera m'fumbi. Manja ankanjenjemera ngati a nkhalamba. Anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali. Kenako anapisa m'thumba, kutulutsa kabotolo kapulasitiki, kumwa theka. Ndinakhala pa njerwa n'kumadikira. Tiyi asanazizire manja aja anali atakhazikika, ndipo timipira tonse tinalowa m'malo mwake kamodzikamodzi, osagwa ngakhale kamodzi.

"Achimwene, kodi umakoma?" ndinafunsa.

"Iyayi. Umawawa kuposa mankhwala a malungo."

"Nanga mumamweranji?"

Ndinkaganiza kuti andikalipira, koma anaika sipanala pansi n'kuganiza ndithu, ngati palibe amene anawafunsapo funso limeneli mofuna kumva yankho.

"Mukudziwa wailesi ikakana kugwira siteshoni, ikungoti shiii? M'mutu mwanga mumatero ndikadzuka. Ndikamwa koyamba imagwira, mawu n'kumamveka bwinobwino. Kachiwiri ndimamwera kuti isathawenso."

"Nanga kachitatu?"

Anaseka. "Kachitatu mukafunse kabotoloko. Ine ndimakhala nditachokapo."

Apa ndiyenera kuulula chinthu chimodzi. Timabotolo timeneti ndinkagulitsa inenso m'kaokala kanga, pa shelefu ya m'mwamba kuseri kwa sopo. Kale mowa umenewu unkabwera m'masacheti, boma litaletsa unangosintha chovala n'kulowa m'timabotolo. Unkayenda malonda kuposa shuga ndi mchere. Achimwene sindinkawagulitsa, iwonso sanandipemphepo. Ankagula pa okala yoyandikana nayo, ndipo ine ndinkadziona ngati manja anga ndi oyera.

Woyamba kundipatsa nzeru anali mnzanga wogulitsa tomato. Anati ku Nsanama kuli sing'anga amene ali ndi muzu woti ukathira mu mowa, chidakwa chimasanza, n'kudana nawo mowawo mpaka kumanda. Koma mwini wake asadziwe. Ndinakwera minibasi m'mawa, pofika masana ndinali nditabwerako ndi ufa wotuwa wokulunga m'pepala. Njira yonse ndinkadzifunsa kuti muzu ungadziwe bwanji kusiyanitsa mowa ndi thobwa, koma ndinati tiyeni tione.

Ndinathira m'kabotolo kamene achimwene anabisa m'nsapato. Tsiku limenelo anasanza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, atagwada kuseri kwa chimbudzi, maso atatuluka. Ndinachita mantha kuti ndapha munthu. Atapezako bwino anakhala pakhonde atatsamira chipupa, n'kundiitana ndi mawu otsika.

"Achemwali, ndi inu?"

Ndinavomera.

"Mukanangondiuza. Ndikanamwa ndekha mankhwalawo, ndi manja angawa. Mukuganiza kuti ine sindifuna?"

Mawu amenewa anandichititsa manyazi kuposa akanandimenya mbama. Ndinali nditayenda ulendo wonse uja kukafunsa munthu wachilendo za achimwene anga, osawafunsa eni ake ngati akufuna kusiya. M'mawa mwake anamwa ngati kale.

Ndiye ulendo wachiwiri ndinayamba ndawafunsa. Amayi a kumpingo kwathu anati angabwere Lachinayi kudzawapempherera, ndipo achimwene anavomera. Anasamba, kuvala malaya oyera, kugwada pakati pa bwalo. Analira ngati mwana. Atatha mapemphero anakatenga okha timabotolo tiwiri m'chipinda n'kukhuthulira pansi pamaso pa onse, amayi aja n'kululutira. Sindikukayika kuti ankanena zoona.

Tsiku loyamba anangotuluka thukuta. Tsiku lachiwiri anakana chakudya, ndipo ankadzikanda m'mikono, akuti linthumbu likuwakwera, chonsecho panalibe kanthu. Tsiku lachitatu m'mawa ndikutsuka mbale ndinamva chinthu chikugwa pakhonde. Ndinawapeza akuphupha, thovu lili kukamwa, lilime atadziluma. Aneba anasonkhana. Ena ankati ndi ziwanda zikutuluka, tisawakhudze. Ena ankati ndi khunyu. Bambo wina wa galimoto yonyamula mchenga anangobweretsa galimoto yake pakhomo, tinawanyamula.

Kuchipatala anawagoneka masiku asanu ndi limodzi. Dokotala amene ankawaona anali mayi wachitsikana wovala magalasi. Atamva nkhani yonse anandiuza chinthu chimene sindinachimvepo chibadwire, kuti munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri, akasiya mwadzidzidzi yekha kunyumba angathe kufa.

"Kufa chifukwa chosiya?" ndinafunsa. "Ine ndimayesa chopha ndi kumwako."

"Zonse ziwiri," anatero. "Thupi linazolowera kutsamira mowa. Mukachotsa chotsamiracho kamodzin'kamodzi limagwa. Wofuna kusiya abwere kuno poyamba, timupatse mankhwala, timuyang'anire masiku oyambawo."

Ndinawafunsa za kunjenjemera kuja, za linthumbu losaoneka, za muzu wa ku Nsanama, ngakhale za amayi athu ndi kachitsekero kawo. Anayankha zonse mpaka anayamba kuseka, akuti ndikanakhala mwana wawo wa sukulu bwenzi atatopa nane. Pomaliza ndinafunsa chimene chinkandivuta kwambiri.

"Ndiye ndi matenda kapena ndi khalidwe?"

"Zimayamba ngati khalidwe, n'kukathera ku matenda. Koma mvetsani mayi, mankhwala athuwa ndi a sabata imodzi yokha. Akatuluka n'kubwerera pamtengo womwewo, kwa anzawo omwewo, nthawi yomweyo, ine ndi inu tidzaonananso."

Ndinakhala panja pa wodi n'kumaganiza kuti nanga munthu angapite kuti kumene kulibe mowa. Ku Chikweo uli khomo ndi khomo. Ku Liwonde uli m'kaokala kanga komwe.

Tsiku lachinayi kunabwera mlendo amene sindinkamuyembekezera. Anali bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, atavala kachipewa koyera ka Chisilamu, atanyamula nthochi m'jumbo. Ndinkawadziwa nkhope yokha. Ankabwera ndi nsomba zouma panjinga kuchokera cha ku Ulongwe kudzagulitsa mumsika wa Liwonde, ndipo njinga yawo ankaikonza ndi achimwene. Anati anafika pamtengo paja ndi tcheni chodumpha, a kabaza n'kuwauza zimene zachitika.

Anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuwafunsa achimwene.

"Amisiri, mwaona chiyani? Ine ndinkaona achule."

"Linthumbu," anayankha achimwene.

"Bola linthumbu. Achule amalumpha."

Ndinalephera kudzigwira. "Inu akulu, munamwapo mowa? Si ndinu Asilamu?"

Anaseka mpaka odwala a mabedi ena anacheuka. "Mayi, botolo silifunsa kuti umapemphera Lachisanu kapena Lamulungu. Ndili mnyamata ndinakhala zaka zambiri kumadoko a kunyanja. Kumeneko tinkamwa kachasu kuti tisamve kuzizira, n'kusuta chamba kuti tisaope madzi. Ndinabwerako ndilibe bwato, ndilibe mkazi, mano awiri atatsala komweko."

Kenako anatembenukira kwa achimwene. Anati sabata yotsatira ukuyamba mwezi wa Ramazani, umene Asilamu amafunga, osadya osamwa kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo akufuna achimwene akakhale kwawo mwezi wonsewo.

"Koma ine ndine Mkhristu," anatero achimwene.

"Sindikukuitanirani ku mzikiti. Ndikukuitanirani ku njinga. M'mudzi mwathu muli njinga zakufa zoposa mbuzi. Ndiponso mwezi umenewu mudzi wonse umakhala ndi ludzu. Simukakhala nokha."

Ndinkaopa zimene a kumpingo akanene, kuti ndapereka mlongo wanga kwa Asilamu. Koma ndinalibe nzeru ina, ndipo kunena zoona ndinkafunitsitsa kuona ngati zingatheke. Atatuluka m'chipatala, achimwene sanafike n'komwe pamtengo wa mango. Ndinakawatengera masipanala awo ndekha, n'kuwakweza minibasi ya ku Mangochi.

Sabata yomweyo pa okala panga panafika mayi wina wobereka mwana kumbuyo. Ndinkawadziwa amuna ake, ankanyamula matumba kuchigayo ndipo tsiku lililonse ankagula timabotolo tiwiri kwa ine. Mayiyo sanagule kanthu. Anadikira mpaka anthu atachoka.

"Mayi, ndabwera kudzapempha. Bambo a mwanayu akabwera musamawagulitse."

Ndinayankha zimene zinali pafupi ndi kamwa. "Ndikawakaniza ine akagula kwina."

"Ndikudziwa," anatero mofatsa. "Ndayenda maokala onse a mzere uno. Aliyense wandiyankha chomwecho. Inu ndinu omaliza."

Anakonza nsalu ya mwana n'kumapita. Ine ndinatsala ndikuyang'ana shelefu ija. Ndinaganiza za amayi athu, kuti mwina nawonso ankadziuza kuti akapanda kutcheza iwo atcheza ena. Sindinawaweruze, pakuti kachasu yemweyo ndi amene anandigulira yunifolomu. Koma madzulo ake ndinatsitsa timabotolo tonse n'kukabweza kumene ndinkaoda. Sindinganame kuti zinapulumutsa munthu. Bambo wa kuchigayo uja anangosuntha mapazi asanu n'kukagula pawindo lina, ndipo malonda anga anatsika moti miyezi ingapo ndiwo zathu zinali bonongwe ndi matemba a apo ndi apo. Kenako ndinayamba kukazinga mandasi m'mawa, a kabaza n'kumabwera, zinthu n'kuyambanso kuyenda pang'onopang'ono.

Patapita masabata awiri chichokereni achimwene, ndinatseka okala Loweruka masana n'kupita kukawaona achimwene. Ndinatsika pa Ulongwe n'kukwera kabaza kulowa m'kati, njira ya fumbi yodutsa m'minda ya thonje ndi milambe. Kunkatentha ngati m'ng'anjo. Ndinafika cha m'ma folo koloko. Pansi pa mtengo waukulu wa bwemba panali amuna ngati khumi pa mphasa, ena akusewera bawo, ena atangogona chagada, milomo itauma gwa. Pambali panali njinga zisanu zotembenuza miyendo m'mwamba, ndipo pakati pake panali achimwene, ataonda koma maso ali oyera. Manja ankanjenjemerabe pang'ono. Ndinaona kuti timipira ta m'habu tsopano ankatimata kaye ndi girisi pa chala kuti tisagwe.

Akazi a bambo wa nsomba uja anandilandira ndi Chiyao, ine n'kuyankha ndi Chiyao changa chothyokathyoka cha mumsika, tonse n'kuseka. Anandiuza kuti masiku oyamba achimwene ankafuna kufunga nawo, koma amuna awo anakaniza, akuti wodwala safunga. Ndiye masana ankawaphikira phala n'kuwapatsira m'nyumba, kuti asadyere pamaso pa anzawo. Koma nthawi ya pamtengo ija sankaiphonya.

Ndinakhala pafupi ndi achimwene n'kufunsa kuti zikuyenda bwanji.

"Nthawi yoopsa ndi ino," anatero. "Ku Liwonde ntchito ikaduka chonchi, miyendo inkapita yokha. Kunonso zimandigwira. Kukhosi kumauma, mtima kumangoti thawa. Koma ndikanena kuti abale ndili ndi ludzu, onsewa amangoti nafenso, khalani pansi. Ndiye timasekana. Uyu amalota madzi a mufiriji, uyo amalota fodya wake, ine ndimalota zangazo."

"Usiku mumagona?"

"Pang'ono. Koma wailesi ija yayamba kugwira yokha nthawi zina. Mawu ake ndi otsika, koma akumveka."

Bambo wa nsomba anabwera kudzakhala nafe. Ndinawafunsa mmene iwo anasiyira, ndikuyembekezera nkhani ya tsiku limodzi lalikulu, mwina loto kapena ngozi ya pamadzi.

"Ndinasiya kanayi," anatero. "Katatu ndinabwerera. Chamba chinandivuta kuposa mowa, chifukwa sichinunkha m'mawa, umatha kunamiza anthu. Ulendo wachinayi malume anga ananditenga mwezi ngati uno n'kundikhazika pamtengo womwewu. Anandiuza kuti chilakolako chili ngati minibasi ya pasiteji. Imaliza hutala, kondakitala n'kumakukoka malaya, iwe n'kumaona ngati ukapanda kukwera wathera pomwepo. Koma ukakhala pansi imanyamuka. Ibweranso ina, inde, koma nayonso imanyamuka. Chofunika ndi munthu wokhala naye pasitejipo."

Dzuwa litalowa kunamveka kuitana kwa ku mzikiti. Ndinaona amuna akuluakulu akulandira makapu a madzi ndi manja awiri, kumwa mwakachetechete, maso atatseka. Achimwene nawonso anamwa nawo kapu yawo chimodzimodzi. Kenako amayi a pamudzipo anabweretsa tiyi ndi mbatata zothira nsinjiro. Nditamva akutchula chakudya chomasulira kufungacho kuti futari, ndinadabwa, pakuti futali ndakhala ndikuphika moyo wanga wonse osaganizapo kumene dzinalo linachokera. Ndinagona komweko, m'mawa n'kubwerera.

Idi itadutsa achimwene sanabwerere ku Liwonde. Anapeza kachipinda pa Ulongwe n'kuika benchi yawo pafupi ndi msika. Lamulungu ankapita kutchalitchi, madzulo aliwonse ankapalasa kupita pamtengo wa bwemba kukasewera bawo. Anatha miyezi isanu ndi iwiri osalawa. Anayamba kutumiza sopo ndi makope kwa Kawinga, ndipo alamu analola kuti ana azikacheza patchuthi, ngakhale za banja anati tidikire kaye.

Kenako malume athu anamwalira ku Chikweo. Tinapita tonse. Achimwene, monga mwamuna wa pamudzi, anapita kumanda m'mamawa kukathandiza adzukulu kukumba, ndipo kumeneko kunali anzawo a ubwana ndi botolo la kachasu lochotsera fumbi kukhosi. Ndinamva pambuyo pake kuti anakana kawiri. Kachitatu wina anati, "Wayamba kunyada chifukwa chodya ndi Asilamu." Pofika nthawi ya mwambo anali akudzandira pakati pa anamfedwa, akuimba nyimbo yosiyana ndi ya kwaya. Anamwa masiku atatu. Ine ndinabwerera ku Liwonde ndekha, ndikulira m'minibasi, ndikuti zonse zija zapita m'madzi.

Tsiku lachinayi m'mawa ndinawapeza ataima pawindo la okala, malaya ali fumbi lokhalokha.

"Achemwali, ndiperekezeni kuchipatala kaye. Sindikufuna linthumbu lija."

Ulendo uno sanawagoneke, anangowapatsa mankhwala n'kuwauza kuti azibwera m'mawa uliwonse masiku atatu. Atamaliza ndinawaperekeza ku Ulongwe. Njira yonse ankangoti akawayang'ana bwanji akulu aja. Tinawapeza akuyanika nsomba pa thandala. Anamvetsera nkhani yonse osasiya ntchito, kenako anati, "Kamodzi basi? Amisiri, kwatsala kawiri kuti mundipeze. Koma musachite kuthamangira." Anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti njinga ya ashehe yakhala ikuwadikira sabata yonse.

Kuchokera pamenepo papita chaka ndi miyezi ingapo. Achimwene aphunzira kukonza njinga zamoto, ndipo kumaliro akapita amathandiza kuwaza nkhuni kufupi ndi amayi ophika, kumanda amapita nthawi ya mwambo yokha. Sindinena kuti anachira, iwonso sanena choncho.

Ramazani wa chaka chino ndinapitanso kukacheza. Ndinamva kuti bambo wa nsomba anali atatenganso munthu wina, mphunzitsi wa ku Balaka amene anamuimitsa ntchito chifukwa cha chamba ndi timapiritsi tina timene achinyamata akumwa masiku ano. Anamuyalira mphasa yomweyo, pamtengo womwewo, phala lomwelo masana. Achimwene ankagona naye chipinda chimodzi n'kumamulimbikitsa. Tsiku lachisanu mphunzitsiyo anati akupita kuthengo, osabwereranso. Anthu anamuona pa siteji akukwera galimoto ya ku Balaka.

Nkhaniyi inandisowetsa mtendere. Ndinawapeza akulu aja akusoka dengu la nsomba kuseri kwa nyumba, n'kuwafunsa kuti zimatheka bwanji, anthu awiri kulandira chithandizo chofanana, wina n'kukhala, wina n'kuthawa. Kodi mphunzitsiyo anabwera nthawi yake isanakwane? Kodi timapiritsito ndi tolimba kuposa mowa? Kapena anachita kumukakamiza abale ake?

Anaboola dengu, kukoka chingwe, kumanga mfundo.

"Mayi, mukadzapeza yankho mudzandiuze. Ine ndimangoyala mphasa. Mkazi wake ndamutumizira mawu kuti akafuna abwerenso, ngakhale mwezi utatha."

Anandikulungira nsomba zouma za mcheni m'pepala kuti ndikadye kunyumba, ndipo achimwene anandikweza pa njinga yamoto ya kasitomala imene ankaiyesa, n'kukanditula pamsewu.